Umoyo wa Anamwino a m'Chipinda cha Odwala Mwakayakaya

Palibe munthu wokhala mu mzinda wa Blantyre amene sachidziŵa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene ambiri timangochitchula kuti Gulupu. Chipatalachi chinatsegulidwa m'chaka cha 1958, ndipo chili ndi mabedi oposa 1,000. Popeza kwa zaka zonsezi boma la Blantyre lakhala lopanda chipatala chakechake chonga chimene maboma a Thyolo kapena Chiradzulu ali nacho, odwala amene alephereka ku zipatala zazing'ono za ku Ndirande, Limbe, Bangwe, Zingwangwa ndi Chilomoni onse amatumizidwa ku Gulupu. Kumeneko amakakumana ndi anzao ochokera m'maboma ena a m'chigawo cha kumwera.

M'kati mwa chipatalachi muli zipinda zina zimene anthu oŵerengeka okha ndiwo analoŵamo. Izi ndi zipinda za odwala mwakayakaya, zimene ogwira ntchito za chipatala amati ICU. M'menemo mumagonekedwa munthu amene moyo wake uli pa ulusi: wovulala mutu pa ngozi ya galimoto kapena ya njinga yamoto ya kabaza, mai amene wakomoka kapena wataya magazi ambiri pobereka, wodwala kafumbata, womwa tameki, ndi wochokera ku opaleshoni yaikulu. M'mawodi ena wodwala amakhala ndi mbale wake womdikirira, amene amamsambitsa, kumdyetsa ndi kukaitana namwino zinthu zikasintha. M'chipinda ichi si choncho ai. Mbale amaloŵa kwa mphindi zochepa nkutuluka, ndipo zonse zotsala zili m'manja mwa namwino.

Ife oyendera zaukhondo tinazoloŵera kuloŵa m'mabekale, m'mabutchala ndi m'malo odyera a ku Limbe, ndipo anzathu a ku Unduna wa za Ntchito amayendera mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba. Kumeneko timafunsa ngati madzi akutuluka, ngati mpweya ukuyenda, ngati antchito ali ndi chimbudzi ndi malo odyera, ndiponso maola amene amagwira ntchito. Chipinda cha odwala mwakayakaya nachonso ndi malo a ntchito, ndipo mafunso omwewo ayenera kufunsidwa m'menemo. Ine ndikhulupirira kuti kutopa, kudwaladwala ndi kupsa mtima msanga kumene timaona pa anamwino ena kumachokera ku malo amene agwiramo ntchito koposa ku mtima umene anabadwa nao.

Ntchito yake ndi yotani?

Chisamaliro cha mtundu umenewu chinayamba pa nthaŵi ya mliri wa poliyo umene unagwa mu mzinda wa Copenhagen ku Denmark m'chaka cha 1952. Odwala ambiri ankafa chifukwa minofu yopumira inali itafooka, ndipo makina othandiza kupuma anali ochepa zedi. Dokotala wina, Bjørn Ibsen, anaganiza zoboola pakhosi pa wodwala, kuloŵetsapo kapaipi, ndi kumpopera mpweya ndi thumba la mphira. Ophunzira zaudokotala mazanamazana anakhala pambali pa mabedi usana ndi usiku, kusinthanasinthana, kufinya matumba aja ndi manja, ndipo imfa zinachepa kwambiri. Kuyambira pachiyambi pomwe, tsono, chimene chinapulumutsa anthu chinali munthu wokhala pambali pa bedi osachokapo.

Lero makina alipo, koma munthu uja akufunikabe. Ola lililonse namwino amaŵerenga kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi, kapumidwe, ndi kuchuluka kwa mkodzo umene wodwala watulutsa, nkulemba zonse pa pepala. Amakoka makhololo m'kapaipi kopumira kuti kasatsekeke. Maola aŵiri alionse amamtembenuza wodwala kuti asatuluke zilonda za pabedi. Amamdyetsa kudzera m'kapaipi ka m'mphuno, amampukuta akadzionongera, ndiponso amayeza mankhwala amphamvu amene kachigawo kakang'ono kokha kakapitirira muyeso munthu angathe kufa. Nchifukwa chake akatswiri amati wodwala aliyense wopumira makina akhale ndi namwino wakewake.

Aŵerengi, tiyeni tiŵerengere pamodzi. Sabata ili ndi maola 168. Ngati namwino mmodzi agwira ntchito maola 40 pa sabata, bedi limodzi lifuna anamwino oposa anai. Tikaonjezapo tchuthi cha pachaka, matenda, uchembere, maphunziro ndi maliro, bedi limenelo lifuna anamwino asanu kapena asanu ndi mmodzi. Kwa zaka zambiri chipinda chachikulu cha odwala mwakayakaya ku Gulupu chinali ndi mabedi anai okha, ndipo mwa kaŵerengedwe kameneka mabedi anai afuna anamwino oposa 20. Anthu akamva kuti chipinda chili ndi odwala anai amaganiza kuti ntchito yake ndi yopepuka poyerekeza ndi wodi ya odwala 60. Koma anamwino akachepera chiŵerengero chimenechi, maola osoŵa mwiniwake aja sachoka. Amagwera pa mapewa a iwo amene alipo.

Zinthu zina zasintha ndithu. M'mwezi wa Julayi 2017 anatsegula Mercy James Centre pa Gulupu pomwepo, yomangidwa ndi thandizo la bungwe la Raising Malawi, ndipo m'menemo muli chipinda choyamba m'dziko muno cha ana odwala mwakayakaya. M'chaka cha 2020, ndi thandizo la bungwe la Wellcome, chipatalachi chinalandira makina opanga mpweya wa okosijeni, ndiponso chinakhazikitsa chipinda cha odwala ovutika kupuma. Izi nzoyamikika. Komabe nyumba imamangidwa m'zaka ziŵiri, makina amafika pa ndege m'sabata imodzi, pamene namwino wodziŵa ntchito imeneyi amapangika m'zaka zambiri. Kafukufuku amene Dr Rodwell Gundo ndi anzake anafalitsa m'chaka cha 2019 mu Malawi Medical Journal anaonetsa kuti maphunziro a unamwino wamba sanali kuŵakonzekeretsa mokwanira anamwino pa ntchito ya m'zipinda zotere, kotero kuti ambiri ankaiphunzirira pa bedi la wodwala. Kuyang'anira makina amene sunaŵaphunzire bwino, moyo wa munthu uli pa makinawo, ndi mantha amene munthu amapita nao kunyumba.

Usiku

M'zipatala zathu zambiri ntchito ya usiku imayamba dzuŵa lisanaloŵe nkutha m'maŵa kutacha, maola oposa 12. Chifukwa chake chilipo, pakuti sikungakhale kwanzeru kuŵerutsa mai pakati pa usiku kuti akafune minibasi ya ku Machinjiri. Koma thupi la munthu linalengedwa kuti lizigona usiku. Kafukufuku wa ku Australia wa m'chaka cha 1997 anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu mochedwa ndi molakwitsa ngati munthu amene wamwako moŵa, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi woledzera amene sayenera kuyendetsa galimoto. Palibe mmodzi wa ife amene angalole woledzera kumuyezera mankhwala mwana wake. Koma namwino amene wadzuka m'maŵa, waphikira ana, wachapa, nkudzayamba ntchito madzulo, pomafika 3 koloko ya m'bandakucha wapitirira kale maola 17 aja.

Wina anganene kuti akagone masana. Amene amakhala ku Ndirande kapena ku Bangwe adziŵa mmene tulo ta masana timavutira. Nyumba ndi za malata opanda siling'i, ndipo mu Okutobala zimatentha ngati uvuni. Panja pali chigayo, wailesi ya anansi ndi ana oseŵera. Mpopi ukayamba kutuluka madzi masana, ayenera kudzuka kukatunga, poti sadziŵa tsiku limene adzatulukenso. Pamudzi pakagwa maliro ayenera kukaonekera, chifukwa anansi samvetsa za mai amene akugona dzuŵa lili pamutu. Kusoŵa tulo kwa nthaŵi yaitali kumathandizira kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, kunenepa kosayenera ndi kuvutika maganizo. M'chaka cha 2019 nthambi yofufuza za khansa ya Bungwe la za Umoyo pa Dziko Lonse inaika ntchito ya usiku m'gulu la zinthu zimene zikuganiziridwa kwambiri kuti zimayambitsa khansa.

Pamwamba pa izi pali lokamu, ndiko kuti ntchito yoonjezera imene namwino amagwira pa tsiku lake lopuma nkulandirapo kangachepe. Lokamu amatseka mipata pa ndandanda ya ntchito, ndipo popanda iye mawodi ambiri sakadayenda. Koma tiyenera kunena zoona: lokamu saonjeza namwino ngakhale mmodzi. Ndi namwino yemweyo, wotopa kale, amene akugulitsa tulo take. Ndipo sitingamdzudzule. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa ufa, lendi ndi minibasi unakwera. Wochokera ku Bangwe amakwera minibasi ziŵiri, kutsika ku Limbe nkukweranso ya ku Ginnery Corner, kupita ndi kubwera. Pa nthaŵi zimene mafuta a galimoto anasoŵa m'zaka za 2022 mpaka 2024, ulendo umenewu unkakwera mtengo ndi kuchedwa. Namwino wa m'maŵa akachedwa pa siteji, wa usiku sangachoke, pakuti wodwala wopumira makina sasiyidwa yekha.

Magetsi, madzi ndi mpweya

Magetsi akazima kunyumba timayatsa kandulo. Akazima m'chipinda cha odwala mwakayakaya, makina onse amayamba kulira nthaŵi imodzi. Ngati jenereta ichedwa kuyaka ndipo mabatire a makina ndi akale, namwino amachotsa wodwala ku makina nkuyamba kumpopera mpweya ndi thumba, monga ankachitira ophunzira a ku Copenhagen aja. Manja ake onse aŵiri amakhala pa wodwala mmodzi. Ngati ali ndi odwala aŵiri, ayenera kufuula kuti wina abwere. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka chaka cha 2023. Masiku amenewo anatikumbutsa kuti jenereta ya chipatala, mafuta ake, ndi munthu woiyesa sabata iliyonse, zonsezi ndi mbali ya umoyo wa namwino monga mmene zilili mbali ya moyo wa wodwala.

Madzi a mu mzinda uno ambiri amachokera ku Walker's Ferry pa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amapopedwa kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800. Amapopedwa ndi magetsi, kotero kuti vuto la magetsi limabala vuto la madzi. Namwino wa m'chipinda chimenechi ayenera kusamba m'manja kambirimbiri pa tsiku, asanagwire wodwala ndi atamgwira. Mpopi ukauma amadalira ndowa, ndipo ndowa imafuna woitunga. Kaŵirikaŵiri pakasoŵa madzi chimbudzi cha antchito ndicho chimayamba kutsekedwa. Pamenepo anamwino ambiri, makamaka azimai, amaleka kumwa madzi kuti asafune chimbudzi, ndipo mapeto ake ndi mutu, kudzimbidwa ndi matenda a chikhodzodzo. Nkhani imeneyi imaoneka yaing'ono ndipo anthu amachita nayo manyazi pa misonkhano, koma woyendera zaukhondo aliyense adziŵa kuti fakitale yopanda chimbudzi cha antchito siloledwa kugwira ntchito.

Klorini nayenso afuna kusamala. Wosambira m'manja amasungunulidwa kufika 0.05 peresenti, ndipo wopukutira magazi otayika pansi kufika 0.5 peresenti. Wosungunula akangothira mongoyerekeza, poganiza kuti wochuluka ndiye wabwino, antchito amang'ambika khungu la m'manja, maso amaŵaŵa, ndipo amene ali ndi mphumu amabanika. Khungu long'ambika ndi khomo la tizilombo.

Kumene kulibe mapaipi a okosijeni, mpweyawu umabwera m'masilinda achitsulo olemera kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Silinda yaikulu imasunga malita pafupifupi 6,800, ndipo wodwala wolandira malita 15 pa mphindi amaimaliza m'maola asanu ndi aŵiri ndi theka. Motero pa usiku umodzi silinda iyenera kusinthidwa, ndipo ngati wonyamula katundu palibe, woigubuduza ndi namwino. Mapaipi ochokera ku makina opanga okosijeni amapulumutsa odwala, komanso amapulumutsa misana ya anamwino.

Msana, singano ndi chifuwa

Akatswiri a za chitetezo pa ntchito ku America amalangiza kuti wosamala odwala asanyamule yekha kulemera koposa makilogalamu 16. Munthu wamkulu wokomoka amalemera kanai kuposa pamenepo, alibe pogwirira, ndipo ali ndi mapaipi amene sayenera kuzuka. Kumtembenuza bwino kumafuna anthu atatu kapena anai. Usiku anthu amenewo palibe, ndipo aŵiri amene alipo amaŵerama pa bedi losakwezeka nkumkoka. Msana suthyoka tsiku limodzi. Umatha pang'onopang'ono, mpaka mai wa zaka 40, amene tsopano ndiye wodziŵa ntchito kuposa onse, apempha kuti amsamutsire kumene kulibe zonyamula.

Za singano ziyenera kudziŵika bwino, chifukwa mantha ambiri ali pa kachilombo kolakwika. Munthu akabayidwa ndi singano imene yagwira magazi a wodwala amene ali ndi HIV, mwa anthu 1,000 obayidwa motero pafupifupi atatu ndiwo amatenga kachilomboko. Koma kachilombo ka matenda a chiŵindi a hepatitis B kangathe kugwira anthu ofika atatu mwa 10 alionse amene sanalandire katemera. Katemera wake alipo, amaperekedwa katatu, ndipo palibe namwino, wophunzira kapena wokolopa amene ayenera kuyamba ntchito m'chipinda chotere asanamlandire. Wobayidwa asambe pabalapo ndi sopo ndi madzi oyenda, anene kwa mkulu wake nthaŵi yomweyo, ndipo ayambe mankhwala oteteza ku HIV msangamsanga, asanapite maola 72, nkumwa kwa mwezi wathunthu. Funso limene ife oyendera tiyenera kufunsa ndi ili: kodi munthu akabayidwa 2 koloko usiku wa Loŵeruka, mankhwalawo ali kuti, ndipo kiyi ali ndi yani?

Ambiri obayidwa sanena. Ena amaopa kuyezedwa magazi ndi anzao a pa ntchito, ena amaopa kunenedwa kuti ndi osasamala. Nthaŵi zambiri ngoziyi imachitika pamene bokosi lotayamo singano ladzaza kapena lili kutali ndi bedi, munthu nkuyesa kubwezera chivindikiro pa singano ali wotopa.

Chifuwa chachikulu ndi mdani wakale wa ogwira ntchito m'zipatala zathu. Kafukufuku wa Professor Anthony Harries ndi anzake m'zaka za m'ma 1990 anaonetsa kuti antchito a m'zipatala za m'Malaŵi ankadwala TB kaŵirikaŵiri kuposa anthu ena. Pokoka makhololo kapena poloŵetsa kapaipi pakhosi, nkhope ya namwino imakhala pafupi kwambiri ndi pakamwa pa wodwala. Masiki wamba wa opaleshoni satchinga tizilombo ta TB, ndipo pafunika masiki wothina bwino wa N95. Chipinda chogonekamo odwala matenda oyenda mu mpweya chiyenera kusinthidwa mpweya wake wonse ka 12 pa ola. Zipinda za odwala mwakayakaya zambiri zimakhala zotseka mazenera chifukwa cha fumbi ndi makina oziziritsa. Makina ongoziziritsa sasintha mpweya ai, amangozunguza womwewo. Akaonongeka, chipinda chimasanduka chotentha ndi chobanika, ndipo anthu ovala maepuloni apulasitiki amatuluka thukuta ngati ali kumunda.

Phokoso nalo lilipo. Bungwe la za Umoyo pa Dziko Lonse linalangiza m'chaka cha 1999 kuti m'zipinda zosamaliramo odwala phokoso lisapitirire madesibelo 35, koma m'zipinda za odwala mwakayakaya za m'maiko ambiri limapitirira 50. Choopsa nchakuti makina akamalira popanda chifukwa, monga pamene kachingwe kake katha, khutu limazoloŵera, ndipo tsiku lina lidzanyalanyaza kulira koona.

Katundu wa mumtima

Pali kulemera kwina kumene sikelo siyeza. Mabedi akakhala ochepa ndipo odwala ofuna bedi ndi ambiri, madokotala ayenera kusankha. Wosankha ndi dokotala, koma amene amakumana ndi abale pa khomo nthaŵi zambiri ndi namwino. Iye ndiye amauza bambo wa ku Chilomoni kuti malo palibe, akudziŵa bwino chimene chingachitike kwa wodwalayo kuwodi. Ndipo odwala a m'chipinda chimenechi ambiri si nkhalamba. Ndi anyamata a ngozi za pamseu, ndi azimai ongobereka kumene, anthu a msinkhu wa namwino mwiniwake. Akamwalira, iye amene wakhala nao masiku asanu, kuŵasambitsa ndi kuŵalankhula ngakhale samayankha, ndiye amachotsa mapaipi ndi kuŵatseka maso. Asanamve nkomwe chisoni chake, bedi lija layalidwa ndipo wodwala wina waloŵa.

Kwathu kuno maliro ali ndi mwambo wake. Timasonkhana, timalira, timagona pa siwa, ndipo anansi amabwera kudzatipepesa. Namwino amaona imfa zambiri pa mwezi umodzi kuposa zimene munthu wamba amaona pa zaka khumi, koma palibe amene amabwera kudzampepesa, ndipo iye saloledwa kulira pamaso pa anthu.

Zaka zapitazi zinaunjika katundu ameneyu. Matenda a Covid-19 atapezeka m'dziko muno pa 2 Epulo 2020, ogwira ntchito ku Gulupu ananyanyala ntchito mwezi womwewo pofuna zovala zodzitetezera ndi ndalama ya ukadziotche. Nkhani zinamveka za antchito a chipatala amene anakanizidwa kukwera minibasi ndi ena amene eni nyumba anafuna kuŵatulutsa. Mu Januwale 2021 mliri unakula koopsa, nduna ziŵiri za Boma zinamwalira tsiku limodzi, ndipo okosijeni anali wosoŵa m'zipatala zambiri. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700. Usanathe nkomwe, mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala nkukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ovulala ndi omwalira anathiridwa ku Gulupu. Tisaiŵale kuti ogwira ntchito za chipatala amakhala m'madera omwewa, ndipo munthu angathe kukhala akusamala mlendo pamene sakudziŵa ngati khoma la nyumba yake laima.

M'chaka cha 2019 Bungwe la za Umoyo pa Dziko Lonse linalongosola kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito ngati vuto lochokera ku mavuto a pa ntchito amene sanasamalidwe. Zizindikiro zake ndi zitatu: kutopa kosatha ngakhale munthu wapuma, kuuma mtima pa ntchito ndi pa anthu amene akuŵatumikira, ndi kudziona ngati palibe chimene ukuphula. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2018 pakati pa antchito a zaumoyo osamala anthu amene ali ndi HIV m'Malaŵi anapeza vutoli mwa anthu 62 pa 100 alionse, ndipo iwo amene anali nalo ndiwo ankavomera kaŵirikaŵiri kuti chisamaliro chao kwa odwala chinali chopereŵera. Aŵerengi aone chizindikiro chachiŵiri chija. Chimene ife pa khomo la wodi timachitcha mwano, nthaŵi zina ndi chizindikiro cha vuto limeneli. Izi sizikutanthauza kuti wonyoza wodwala asadzudzulidwe. Adzudzulidwe ndithu, koma womdzudzulayo ayang'anenso ndandanda ya ntchito, aone kuti munthuyu wagona masiku angati m'sabata imeneyo.

Wotopa motere amachita chimodzi mwa zitatu: amadwala, amakhalabe koma mtima utachoka, kapena amapita. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu ambiri anapita ku Britain, mpaka Boma ndi abwenzi ake anakhazikitsa ndondomeko yapadera m'chaka cha 2004 imene inaonjeza malipiro a antchito a zaumoyo ndi 52 peresenti ndi kuchulukitsa ophunzira. Namwino wa odwala mwakayakaya ndiye amene amafunidwa koposa ndi zipatala zolipira, mabungwe a kafukufuku ndi maiko akunja. Akachoka mmodzi wodziŵa, amachoka ndi maso amene amazindikira kuti wodwala wayamba kusintha makina asanalire, ndiponso amachoka mphunzitsi wa achinyamata otsala.

Malamulo alipo

Timakonda kunena kuti unamwino ndi maitanidwe, ndipo nzoona. Koma mau amenewa asasanduke chofunda chobisira zimene zikadakonzeka. Akuluakulu anati pepani sapoletsa chilonda. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati maola a ntchito a masiku onse asapitirire 48 pa sabata. Pali lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito la 1997, ndi lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pa ntchito la 2000. Pangano nambala 149 la bungwe la ILO, lolembedwa m'chaka cha 1977 ndipo Malaŵi analivomereza mu 1986, limati anamwino akhale ndi maola a ntchito, masiku opuma ndi tchuthi zosachepera za antchito ena a m'dziko lao. Bungwe la anamwino ndi azamba la NONM lilipo loŵalankhulira, ndipo sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ili pafupi ndi Gulupu pomwepo.

Kulemba anamwino ambiri ndi nkhani ya ku Likulu ndi ya ndalama zambiri. Koma zina zili m'manja mwa oyang'anira chipatala chilichonse, cha Boma, cha mpingo kapena cholipira. Ndandanda ya ntchito ituluke mwezi usanayambe, ndipo masiku a usiku otsatizana akhale ochepa. Pakhale kachipinda koyandikira, kokhala ndi bedi, ketulo ndi madzi akumwa, kuti aliyense wa usiku apumeko mphindi 30 mosinthana popanda kuonedwa ngati wakuba. Pakhale thanki yapadera ya chipinda chimenechi ndi chimbudzi cha antchito chosatsekedwa. Wonyamula katundu mmodzi akhalepo usiku. Antchito onse aziyezedwa TB chaka ndi chaka, mwachinsinsi. Ikachitika imfa yoŵaŵa, monga ya mwana kapena ya mai wobereka, mkulu wa wodi aŵakhazike pansi onse amene analipo, wokolopa yemwe, akambirane kwa mphindi zochepa popanda kulozana zala.

Kwa anzanga oyendera zaukhondo ndinena kuti ulendo wa 10 koloko m'maŵa, wolengezedwa sabata yathunthu, sutiuza zambiri. Pa nthaŵi imeneyo pansi pakolopedwa, madokotala ndi ophunzira adzaza chipinda, ndipo manja ndi ambiri. Tipemphe chilolezo chokayendera usiku. Titsegule mpopi tokha, tione bokosi la singano, tifunse tsiku limene jenereta inayesedwa, ndipo tiŵerenge buku lolembamo ngozi za antchito. Tikapeza bukulo lopanda dzina ngakhale limodzi chaka chonse, tisalembe kuti zonse zili bwino. Tifunse chifukwa chimene anthu akuopera kulembamo.

Ndipo inu amene mbale wanu wagonekedwa m'chipinda chimenechi, sankhani munthu mmodzi pa banja woti azilankhula ndi anamwino nkumafotokozera ena onse, chifukwa mphindi zimene namwino atha pa khomo kubwereza nkhani imodzi kwa amalume, azakhali ndi a mpingo, zachotsedwa kwa wodwala wanu yemwe. Sambani m'manja poloŵa ndi potuluka. Ngati muli ndi chimfine kapena chifuwa, tumani wina. Musakhudze makina kapena kumwetsa wodwala kanthu kalikonse kochokera kunyumba. Siyani nambala ya foni imene imayankhidwa usiku, ndipo ngati kwanu magetsi avuta, siyaninso ya mnansi.